Loboti yomenyana ya makilogalamu 1.5: kapangidwe kake ndi zimene zimaipha pabwalo

Mukatsegula loboti imene yangogonja kumene pa ndewu, nthawi zambiri mumapeza chida chake chili bwinobwino, thupi lake langokalikakalika kunja. Chaipha ndi kanthu kochepa: waya wathothoka pamene anamatapo ndi mtovu, kasikuluwu kogwira tayala kamasuka, kapena batire lagwedezeka n'kuzula pulagi yake. Loboti ikasiya kuyenda, woweruza amawerenga mpaka 10, ndewu n'kuthera pomwepo ngakhale chida chikulirabe. N'chifukwa chake amene akhala akupanga maloboti otere kwa zaka amayamba ndi sikelo, matayala ndi mawaya, chida amachiganizira pomalizira. Ongoyamba kumene amatembenuza ndondomekoyi. Amajambula chikwanje choopsa, kenako n'kumafunafuna poika batire.

Maloboti amene tikunenawa si aja a pamphambano za misewu m'tauni, komanso saganiza okha ngakhale dzina likumveka choncho. Ndi timagalimoto tachitsulo ndi pulasitiki timene munthu amayendetsa ndi rimoti ataima kunja kwa bwalo lotchingidwa mbali zonse, ndipo cholinga n'kuphwanya, kugubuduza kapena kukankhira m'dzenje loboti ya mnzake. Masewerawa anayambira ku America. Marc Thorpe anakonza mpikisano woyamba wotchedwa Robot Wars ku San Francisco mu 1994, BBC inayamba kuonetsa wake ku Britain mu 1998, ndipo BattleBots inayamba kuonetsedwa pa kanema wa ku America wa Comedy Central mu 2000. Maloboti a pa TV aja ndi zimphona. A BattleBots amaloledwa kufika mapaundi 250, omwe ndi makilogalamu 113, ndipo amadya ndalama zoti munthu n'kugulira galimoto. Ochuluka mwa anthu amene amachita zimenezi pongosangalala amapanga ang'onoang'ono, onyamula m'chikwama.

Maloboti amamenyana m'magulu potengera kulemera, ngati ankhonya, ndipo mayina a maguluwo ali ndi kamsampha. Ku Britain, antweight ndi loboti ya magalamu 150, pamene ku America dzina lomwelo amatchulira ya paundi imodzi, magalamu 454. Beetleweight ku America ndi mapaundi 3, kapena kuti makilogalamu 1.36, koma ku Britain ndi makilogalamu 1.5. Pamwamba pake pali gulu la makilogalamu 5.4 ndi la makilogalamu 13.6 lotchedwa featherweight. Magalamu 140 amene amasiyanitsa ma beetleweight awiriwa amaoneka ngati ochepa, koma ndiko pafupifupi kulemera kwa mamota onse awiri oyendetsa matayala. Choncho musanadule kanthu, werengani malamulo a mpikisano umene mukufuna kukalowa. Ku Britain ambiri amatsata a Fighting Robots Association, ku America alipo a bungwe la SPARC, ndipo mpikisano wa NHRL wa ku Norwalk, Connecticut uli ndi akeake.

Pano tikhazikika pa beetleweight ya makilogalamu 1.5. Ndi yokula mokwanira kuti zala zilowe mkati pomata mawaya, zamagetsi zake ndi zomwe zija za madroni ndi tindege tazidole, ndipo thupi lake munthu atha kulidula ndi sowo ya matabwa patebulo la kunyumba. Koma si chidole. Chida chake chimatha kudula chala.

Za mtundu wa loboti tisatayepo nthawi. Pali yokankha, yokhala ndi kutsogolo kopendekeka ngati fosholo, imene amaitcha wedge. Pali yonyamula inzake ndi mkono, yoponya inzake m'mwamba, ya nyundo, ndi zokhala ndi chitsulo chozungulira, china choima ngati tayala la njinga, china chogona ngati chikwanje chotchetchera udzu. Loboti yanu yoyamba ikhale yokankha kapena yonyamula ndi mkono, bola malamulo a kumene mukupitako alole, chifukwa mipikisano ina imafuna kuti pakhale chida chogwira ntchito. Mumaphunzira kuyendetsa ndi kumata mawaya popanda chokuvulazani. Komabe tifotokoza ya chitsulo chozungulira choima, chifukwa ndi imene pafupifupi aliyense amapanga kachiwiri, ndipo zonse zofunika pa yokankha zilimo kale.

Sikelo ndiye bwana

Tengani pepala, mulembe 1,500 pamwamba, muyambe kuchotsera. Mamota awiri a matayala pamodzi ndi magiya ake amadya magalamu pafupifupi 130. Matayala ndi togwirira pashafiti, 60. Batire, 80. Ma ESC (timabolodi tolamulira mamota), risiva (yolandira uthenga wa rimoti), switchi, kanyali ndi mawaya, 70, ndipo mawayawo ndi amene aliyense amaiwala kuwerengera. Mota ya chida 70, chida chenichenicho 250, shafiti yake, mabelingi, lamba ndi timagudumu ta lamba 90. Masikuluwu ndi manati 60. Manambalawa amasinthasintha malinga ndi zimene mwagula, koma pamodzi akwana 810, mwatsala ndi 690. Siyaninso 50 pambali, chifukwa sikelo ya kunyumba kwanu si imene akayezere tsiku la mpikisano, ndipo loboti yopitirira ndi magalamu 5 samailola kulowa. Ndiye kuti thupi lonse, chivindikiro, zotchingira matayala ndi kutsogolo ziyenera kukwana m'magalamu 640.

Apa ndi pamene munthu amamvetsa chifukwa chake ma beetleweight ambiri thupi lawo ndi la pulasitiki. Tiyerekeze kachidutswa ka mamilimita 100 m'litali, 100 m'lifupi, kokhuthala mamilimita 5. Ka pulasitiki ya HDPE kamalemera magalamu 48, ka aluminiyamu 135, ka titanium 222, ka chitsulo 393. Tizidutswa tiwiri tokha tachitsulo tadya kale kuposa 640 yonse ija. HDPE ndi pulasitiki yoyera ija imene amapangira matabwa ambiri odulirapo nyama m'mabutchala. Yokhuthala mamilimita 8 mpaka 10 imakwanira makoma a loboti. Ubwino wake si kupepuka kokha. Dzino la chida cha mdani likaluma HDPE limangobudula kachidutswa n'kudutsa, pamene likaluma aluminiyamu limagwira zolimba ndipo kugunda konse kumalowa mkati mpaka kumagiya ndi mawaya. HDPE sigwira guluu, choncho makoma amalumikizidwa ndi masikuluwu a mano akuluakulu, ngati a matabwa, mutayamba mwaboola kabowo kocheperapo kuti pulasitiki isang'ambike.

Amene ali ndi makina osindikizira zinthu a 3D amagwiritsa ntchito TPU, pulasitiki yonga labala imene imapindika n'kubwerera. PLA wamba, imene makinawa amabwera nayo kawirikawiri, imasweka ngati mbale yadothi ikangomenyedwa kamodzi. Zitsulo zisungireni malo atatu: chida, mizati iwiri yogwira shafiti ya chida ngati pulasitiki ikupindika, ndi kutsogolo kumene kumakumana ndi mdani, komwe titanium ya mamilimita 2 imachita bwino. Pa mabawuti olowa m'chitsulo, pakanipo mankhwala abuluu oletsa kumasuka, monga Loctite 243. Mankhwalawa asakhudze pulasitiki ya polycarbonate, amaichititsa ming'alu.

Musanagule HDPE, dulani katoni. Ikani mamota, batire ndi zonse pakatoniyo monga mmene zidzakhalire, muone ngati chala chikufika pa sikuluwu iliyonse. Mwana wopinda galimoto ya mawaya amadziwa kale zimenezi, kuti chinthu chimaoneka bwino m'mutu mpaka uchigwire m'manja.

Matayala ndi mamota ake

Loboti yotere ilibe chiwongolero. Mota imodzi imayendetsa mbali ya kumanzere, ina ya kumanja, ndipo pokhota mbali imodzi imapita kutsogolo ina kumbuyo. Mamota ozolowereka ndi a mawaya awiri, okhala ndi bokosi la magiya la mamilimita 22 kutsogolo kwake, otulutsa ma rpm 700 mpaka 1,000, ndiko kuti kuzungulira kochuluka choncho pa mphindi. Sankhani a magiya a planetary, momwe timagiya titatu kapena tinayi timagawana katundu mozungulira giya ya pakati. A magiya ondondozana, momwe mphamvu yonse imadutsa pa dzino limodzi, amaguluka mano tayala likangomenyedwa. Timamota tating'ono totchedwa N20 n'ta ma antweight, pano sitingalimbe.

Liwiro mumaliwerengera musanagule. Tayala la mamilimita 50 likazungulira kamodzi limayenda mamilimita 157. Pa ma rpm 900, ndiye kuzungulira ka 15 pa sekondi, loboti imayenda mamita pafupifupi 2.4 pa sekondi. Pabwalo la mamita awiri kapena atatu limeneli ndi liwiro lokwanira ndithu. Kupitirira pamenepo muzingogunda makoma.

Mphamvu yokankhira nayo ili ndi malire amene mota yaikulu singachotse. Tayala limagwira pansi molingana ndi kulemera kumene kwalitsamira. Loboti ya makilogalamu 1.5 imakankha ndi mphamvu yosapitirira kwenikweni kulemera kwakeko, ndipo ngati theka la kulemerako latsamira pa kutsogolo kokhwekhwereza pansi, matayala atsala ndi theka lokha. Mukawonjezera mota, matayala amangoterereka. Choncho pa loboti ya matayala awiri, batire ndi mamota zikhale pafupi ndi mzere wa matayala. Ya matayala anayi ilibe vuto limeneli, koma malamba kapena mamota owonjezera amadya magalamu.

Matayala a siponji yolimba ndi abwino kuposa mmene amaonekera. Chida cha mdani chimangowang'amba osathyola shafiti, ndipo mukawapaka labala wamadzimadzi wa latex n'kuuma amagwira pansi kwambiri. Pamene pamafa maloboti ambiri ndi polumikizira tayala ku shafiti. Kasikuluwu kokanikiza shafiti kayenera kutsamira pa mbali yafulati ya shafitiyo. Ngati shafiti ndi yobulungira paliponse, palani ndi tupa mpaka pakhale fulati, kenako mupake mankhwala abuluu aja. Mukaiwala, mota izizungulira mkati tayala litangoima, inu n'kumadabwa kuti loboti ikungozungulira malo amodzi bwanji.

Ganiziraninso zoti loboti yanu idzagubuduzidwa, sizilephera. Matayala atulukire pamwamba ndi pansi kuti iziyenda ngakhale ili chagada, apo ayi chida chizitha kuibwezera pogunda pansi. Yesani kuigoneka mbali iliyonse: chagada, chammbali, choima ndi kumbuyo. Pamene pakhazikika matayala ali m'malere, mdani adzaipeza mbali yomweyo.

Magetsi

Njira ya magetsi ndi yaifupi. Batire limapereka moto ku switchi, switchi ku ma ESC, ma ESC ku mamota. ESC ndi kabolodi kamene kamamva uthenga wochokera ku risiva n'kuchepetsa kapena kuwonjezera moto wopita ku mota. Risiva ndi imene imalandira uthenga wa rimoti, ndipo imafuna 5 V yokha, imene imachokera ku kachipangizo kotchedwa BEC, kamene nthawi zambiri kamakhala kale mu ESC ya matayala. Ngati ma ESC awiri onse ali ndi BEC, zulani waya wofiira pa pulagi ya imodzi, asamalimbirane kudyetsa risiva.

Mabatire ake ndi a lithium otchajidwa, otchedwa LiPo. Selo imodzi imalembedwa 3.7 V, ikadzaza imafika 4.2 V, ndipo ikatsika kupitirira 3 V imawonongeka. Batire la 3S lili ndi maselo atatu, 11.1 V, la 4S lili ndi anayi, 14.8 V. Kukula kwake mumakuwerengera potengera utali wa ndewu, yomwe kawirikawiri ndi mphindi zitatu. Ngati loboti ikukoka ma amp 8 tikaphatikiza pothamanga ndi poima, pa mphindi zitatu yadya 400 mAh (mAh ndi muyeso wa moto umene batire limasunga). LiPo sayenera kuimaliza moto wonse, choncho la 550 mpaka 850 mAh limakhala bwino. Nambala ya C yolembedwa pabatire imanena moto umene lingatulutse nthawi imodzi: la 650 mAh lolembedwa 75C ndiye ma amp pafupifupi 49, ngakhale opanga ambiri amakokomeza nambalayi.

LiPo ikabooledwa, ikaphwanyika kapena ikatchajidwa mopitirira, imayaka moto wovuta kuzimitsa, wotulutsa utsi woipa. Tchajani ndi tchaja yoyang'anira selo iliyonse payokha, pa 1C, kutanthauza 0.65 A pa batire la 650 mAh, lili m'thumba losapsa, inu muli pomwepo ndipo chidebe cha mchenga chili pafupi. Lotupa ngati mandasi lachoka pa ntchito. Losagwiritsidwa ntchito kwa masiku lisungidwe pa 3.8 V selo iliyonse. Mkati mwa loboti batire likhale m'kachipinda kakekake kozunguliridwa ndi siponji, kutali ndi nsonga za masikuluwu. Loboti ikamenyedwa thupi limaima kapena kuuluka mwadzidzidzi, koma batire limafuna kupitiriza ulendo wake, ndipo limakagunda chilichonse chili patsogolo pake. Kwa oitanitsa zipangizo kunja, batire ndi limene limavuta, chifukwa makampani ambiri onyamula katundu pandege amakana mabatire a lithium osakhala m'chipangizo. Munthu wokwera ndege amaloledwa kulinyamula m'chikwama cha m'manja, osati chopita kunsi kwa ndege. La beetleweight ndi la ma watt-hour (muyeso wa mphamvu imene batire lasunga) osakwana 15, pamene malire ozolowereka ndi 100.

Mawaya akhale ofewa, okutidwa ndi silicone: a 16 kapena 18 AWG (nambala ya kukhuthala kwa waya) kuchokera ku batire ndi kupita ku chida, a 20 kapena 22 AWG ku mamota a matayala. Pulagi ya batire ya XT30 imakwanira. Pomata ndi mtovu, tenthetsani waya ndi pomatapo mpaka mtovu uyenderere wokha n'kuwala. Wongokhala pamwamba ngati mpira wotuwa sunagwire. Waya aliyense asiyidwe wolendewera pang'ono, chifukwa thupi la pulasitiki limapindika pomenyedwa ndipo waya wokungika amazuka. Mukamaliza, kokani waya aliyense ndi zala mwamphamvu, kenako mutsire guluu wotentha pa timapulagi ta risiva ndi pamiyendo ya mamota.

Malamulo kulikonse amafuna njira yozimitsira moto wonse muli kunja kwa loboti, dzanja lisanayandikire chida. Ena amagwiritsa ntchito switchi yopotokola ndi kiyi ya Allen, ena kapulagi kongozula. Pafunikanso kanyali koonekera kunja kosonyeza kuti moto ulimo.

Rimoti ya 2.4 GHz iliyonse ya tindege, monga FlySky FS-i6, imagwira ntchitoyi. Mumaikonza kuti ndodo imodzi iziyendetsa mamota onse awiri. Kusakaniza kumeneku kuchitike malo amodzi okha, mu rimoti kapena mu ESC. Kukachitika konse kuwiri, ndodo iliyonse imasokonekera. Mukakankha ndodo kutsogolo loboti n'kuzungulira, sinthanitsani mawaya awiri a mota imodzi. Chepetsaninso mphamvu ya kukhota ifike cha pa theka, chifukwa kaloboti kafupi kamatembenuka mofulumira kuposa maso. Kanyanga ka risiva kasabisike pansi pa chitsulo.

Chofunika kuposa zonsezi ndi chimene chimachitika rimoti ikasiya kumveka, chomwe amachitcha failsafe. Uthenga umene risiva imatumiza ku ESC umayezedwa m'ma microsecond, tizigawo tating'ono kwambiri ta sekondi, kuyambira 1000 mpaka 2000. Kwa ESC ya matayala, yomwe imapita kutsogolo ndi kumbuyo, 1500 ndiye kuima. Kwa ESC ya chida yozungulira mbali imodzi, kuima ndi 1000, ndipo 1500 ndi theka la liwiro. Munthu akaika 1500 paliponse poganiza kuti pakati ndiye pabwino, rimoti ikangozima chida chimayamba chokha. Marisiva ena akachokera kusitolo amangopitiriza uthenga womaliza umene analandira. Pampikisano woyendera chitetezo amaika loboti m'bokosi loyesera, n'kukuuzani kuti muyendetse matayala ndi chida, kenako muzimitse rimoti ili m'manja mwanu. Zonse ziyenera kuima. Zikapanda kutero simumenya tsiku limenelo. Poyatsa, yambani rimoti, loboti pambuyo. Pozimitsa, yambani loboti.

Chida chozungulira

Chida chimayendera mota ya brushless ya mawaya atatu, mtundu umene chigoba chake chakunja ndicho chimazungulira, ndi ESC ya droni ya ma amp 30 kapena 40. Ikamazungulira mbali yolakwika, sinthanitsani mawaya awiri alionse mwa atatuwo. Mbali yoyenera ndi yoti mano akutsogolo azikwera m'mwamba. Mukatero mdani amaponyedwa kumwamba, loboti yanu n'kukanikizidwira pansi, pomwe pansipo pamaigwira. Chida chogona chilibe mwayi umenewu: chikamenya, onse awiri amauluka, wina uku wina uko.

Nambala ya kV pa mota imanena ma rpm pa volt iliyonse. Ya 1400 kV pa 14.8 V imafika pafupifupi 20,700 ikakhala yopanda katundu. Mukaika lamba wochepetsa ndi theka, chida chimazungulira cha pa 10,000. Chitsulo chobulungira cha mamilimita 100 pa liwiro limeneli, m'mphepete mwake mumathamanga mamita 52 pa sekondi, makilomita pafupifupi 190 pa ola. Ngati chikulemera magalamu 250, chasunga mphamvu ya ma joule pafupifupi 170, yofanana ndi njerwa ya makilogalamu 3 yogwa kuchokera pa mamita 6, koma yonse ikutulukira pa kansonga ka dzino. Kulemera kukasunthidwira m'mphepete, pakati n'kuboolapo mabowo, mphamvu imakwera popanda kuwonjezera galamu. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi.

Masamu amenewa amanyenga anthu kuti azingowonjezera liwiro, koma kuthamanga sikufika. Kuti dzino liponye mdani, mdaniyo ayenera kulowa mkati mwa njira ya dzino lisanafike. Pa ma rpm 10,000 chida chimazungulira ka 167 pa sekondi. Cha mano awiri, ndiye kuti dzino limadutsa ka 333 pa sekondi. Loboti yanu ikamayandikira mdani pa mamita 2 pa sekondi, pakati pa dzino ndi linzake yasuntha mamilimita 6 okha, ndipo ndi pomwe dzino lingalume. Pa 20,000 kwatsala mamilimita 3. Mumamva phokoso ngati la galayindala, ntchentche za moto zili waliwali, owonera akukuwa, koma mdani sanasunthe n'komwe. N'chifukwa chake ambiri amapanga chida cha dzino limodzi, mbali inayo n'kuikako kulemera kolinganiza. Pa 10,000 yomweyo chimaluma mamilimita 12. N'chifukwa chakenso woyendetsa wabwino amamenya akuthamanga, osati kuima n'kumadikira mdani abwere.

Chitsulo cha chida chikhale cholimba koma chosasweka. Zozolowereka ndi AR500, Hardox ya kampani ya SSAB ya ku Sweden, ndi S7 yoti yaumitsidwa ndi moto. Ziwiri zoyambazo sizibooleka ndi dirilo wamba, amazidula ndi laser kapena ndi madzi othamanga kwambiri, mabowo onse n'kudulidwiratu nthawi yomweyo. Chitsulo wamba cha mageti dzino lake limabuntha pa ndewu imodzi. Sipuling'i yakale ya galimoto, ija osula amapangira nkhwangwa ndi mipeni, ndi chitsulo chabwino koma imatha kukhala ndi ming'alu yosaoneka, ndipo pa 10,000 mng'alu umasanduka chipolopolo. Mbale ya galayindala kapena ya sowo musaiganizire n'komwe. Pojambula chida, ngodya zonse za mkati zikhale zokhota bwino, chifukwa mng'alu umayambira pa ngodya yakuthwa.

Chida chimazungulira pa shafiti yosayenda, kawirikawiri bawuti yolimba ya mamilimita 8 yomangidwa ku mizati iwiri, mabelingi ali mkati mwa chidacho. A 608, omwe bowo lawo ndi mamilimita 8 ndipo kunja 22, amapezeka mosavuta. Shafitiyo ikamangidwa zolimba imagwirizanitsanso mizati kuti isatanyuke. Poona ngati chida chalingana, chiikeni pa shafiti popanda lamba, muchizunguze pang'ono ndi chala, muchisiye. Chikamaima ndi mbali yomweyomweyo pansi, lembani ndi choko mbali imeneyo, mupaleko pang'ono, muyesenso, mpaka chiziima paliponse. Chosalingana chimanjenjemeretsa loboti mpaka imayenda yokha chammbali masikuluwu akumasuka.

Lamba woterera, wobulungira kapena wa V, ali ndi ubwino umene wa mano alibe. Chida chikaima mwadzidzidzi pomenya, lambayo amaterereka pang'ono, mota n'kupulumuka. Wa mano amapereka kugunda konse ku shafiti ya mota. Ena amatenga lamba wa mano n'kusalaza kagudumu kamodzi kuti apeze zonse ziwiri. Mkati mwa motamo maginito amangomatidwa ndi guluu wochepa, wokwanira ndege koma osati ndewu, choncho amatsegula chigoba n'kudzaza guluu wolimba wa epoxy m'mipata ya pakati pa maginito, osasiya yotumphuka imene ingakhule mkati.

Vuto lina limaoneka poyatsa chida. Mota imakoka moto wambiri nthawi imodzi, batire limagwa mphamvu kwa kanthawi, risiva n'kuzima n'kuyakanso, ndipo loboti imaima sekondi imodzi kapena ziwiri mdani akubwera. Mankhwala ake ndi batire la C yokwanira, capacitor (kachipangizo kosunga moto kwa kanthawi) ya 470 µF pa mawaya olowa mu ESC ya chida, ndi kukonza kuti chida chizikwera liwiro pang'onopang'ono m'malo molumpha. Ndiye pali khalidwe la chinthu chilichonse chozungulira, lokana kutembenuzidwa. Mukakhota chida chili pa liwiro lonse, tayala limodzi limanyamuka, loboti n'kupendekeka ngati ikuvina, nthawi zina mpaka kugwa chagada. Loboti yotambalala m'lifupi imachita zimenezi mochepa, ndipo woyendetsa amaphunzira kutsitsa liwiro la chida pokhota.

Chida chabwino sichithandiza ngati mdani walowa kunsi kwanu. Pachifukwa chimenechi kutsogolo amaikako timafoloko tachitsulo tolendewera pa hinjisi, tokhwekhwereza pansi ndi kulemera kwake, tonoledwa kunsonga. Amene timafoloko take talowa pansi pa mnzake ndiye amayamba kumenya. Pokumana ndi wa chida chogona, timafolokoto amatichotsa n'kuika chishango chimodzi chotambalala chopendekeka, kuti chikwanje chiziterereka n'kukwera m'mwamba. Loboti iyenera kukhala mkati mwa magalamu 1,500 ndi chilichonse mwa ziwirizi.

Kuyesa ndi tsiku la ndewu

Chida sichiyesedwa patebulo, pakhonde kapena pabwalo la nyumba. Chimayesedwa m'bokosi lotsekedwa mbali zonse, la matabwa okhuthala, lokhala ndi zenera la polycarbonate yosachepera mamilimita 6. Pulasitiki ya Perspex ndi galasi zimaoneka zofanana nayo koma zimasweka n'kuuluka. Nthawi iliyonse loboti ili kunja kwa bokosi kapena bwalo, chida chikhale chokhomedwa ndi bawuti kapena chopanira chooneka bwino, ndipo batire likalowa, matayala akhale m'malere pa kathabwa. Matayala okha mutha kuwayesa pansi mutachotsa lamba wa chida, ndipo apa m'pofunika maola ambiri. Ikani chitini pakati pa chipinda, muzichizungulira kutsogolo kwa loboti kukuyang'anabe chitinicho. Ndewu ikatha mphindi zitatu onse akuyenda, oweruza amayang'ana kuwononga, kulimba mtima poputa mdani ndi luso loyendetsa, ndipo ziwiri mwa zitatuzi zili m'zala za woyendetsa.

Pakati pa ndewu ndi inzake mwina mupeza mphindi 20 kapena 30 zokha. Loboti imene batire lake limatuluka mutamasula masikuluwu 14 a mitu yosiyanasiyana idzakusowetsani mtendere. Chivindikiro chikhale cha masikuluwu anayi kapena asanu ndi limodzi, onse a kiyi imodzi. Nyamulani mabatire awiri kapena atatu, mota ya matayala yapadera yomatidwa kale mawaya ndi pulagi, matayala, malamba ndi timafoloko. Ndewu ikatha, ngakhale mwapambana osakhudzidwa, zimitsani, khomani chida, tulutsani batire mulione ngati latupa kapena lakalika. Gwirani mota iliyonse ndi chala kuti mumve kutentha kwake. Zunguzani tayala lililonse ndi dzanja mukumvetsera ngati magiya akukukuta, gwedezani chida chammbali kuti muone mabelingi, ndipo muyendere sikuluwu iliyonse ndi kiyi, kuyambira ija ya pashafiti ya tayala.